Diso Losaphethira pa Misewu ya ku Britain

Pali mawu ena amene ndatopa nawo kuwamva. Akuti munthu wosalakwa alibe choopa. Mawuwa amatuluka nthawi zonse wina akadandaula za makamera owerenga nambala za galimoto amene adzaza m'misewu ya ku Britain, ndipo owanenawo amawanena modzitama ngati atseka pakamwa aliyense. Ine ndikuti mawuwa ndi bodza, ndipo amene adalawa kale zowawa zake alipo.

Poyamba timvetsetse ntchito ya makinawa, amene eni ake amawatcha ANPR. Adapangidwa ku Britain komweko m'chaka cha 1976. Kamera imajambula galimoto iliyonse yodutsa, kompyuta nkuwerenga nambala yake, nkulemba malo, tsiku ndi nthawi. Siyisankha ayi: wakuba, namwino, m'busa, onse imawalemba. Patsiku nambala zoposa 60 miliyoni zimalowa m'nkhokwe ya apolisi ndipo zimasungidwa kwa chaka chathunthu. Pamene pali makamerawo apolisi sanena. Parodibuloko yakwathu bola, wapolisi umamuona, iye nkukuona, mwina nkupatsana moni. Uku munthu umalembedwa m'kaundula uli phee pachiwongolero, osadziwa kanthu.

Sindikukana kuti makinawa agwiritsa mbava za galimoto ndi zigawenga zina. Agwiritsadi. Koma kodi pofuna kugwira nkhuku imodzi yakuba mapira, mpaka mudzi wonse umangidwe chingwe kumwendo? Ulendo wa munthu umanena zambiri kuposa pakamwa pake. Ndipatseni maulendo anu a chaka chimodzi, ndikuuzani kumene mumapemphera, chipatala chimene mumapita mwakachetechete, msonkhano wa chipani umene mudakakhalapo, ngakhalenso khomo limene mumagona Lachisanu mutanena kuti muli kuntchito.

Nanga zinsinsi zoterezi amazisamala? Mu 2020 kudadziwika kuti makina a khonsolo ya mzinda wa Sheffield adali pambalambanda pa intaneti, opanda ndi pasiwedi yomwe. Maulendo 8.6 miliyoni akadatha kuwerengedwa ndi wina aliyense wodziwa poyang'ana, kaya ndi mbala, kaya ndi mwamuna wolusa amene akusaka mkazi yemwe adamuthawa.

Za ku Birmingham ndiye zochititsa manyazi. Mu 2010 makamera oposa 200, ena obisika, adazingidwa m'madera a Washwood Heath ndi Sparkbrook, kumene kumakhala Asilamu ambiri. Anthu adauzidwa kuti ncholinga chochepetsa umbanda wamba. Kenaka zidaululika kuti ndalama zake, mapaundi 3 miliyoni, zidachokera kuthumba lolimbana ndi uchigawenga. Ndiye kuti mayi wopita kukagula ndiwo, mnyamata woyendetsa takisi, onse adayesedwa oganiziridwa chifukwa cha dera lawo ndi chipembedzo chawo basi. Anthu atakwiya, makamerawo adavekedwa matumba, mkulu wa apolisi Chris Sims adapepesa, ndipo mu 2011 adazulidwa. Adalakwanji anthu amenewa? Palibe. Nanga choopa adalibe?

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mkulu wina, John Catt wa ku Brighton. Bamboyu adali wodana ndi nkhondo, ndipo ankapita kuzionetsero zotsutsa fakitale ya EDO MBM yopanga zipangizo za zida zankhondo. Kumeneko sankagenda munthu. Nthawi zambiri ankangokhala ndi pepala nkumajambula zithunzi za zochitikazo. Mlandu adalibe ndi umodzi womwe. Komabe apolisi ataona galimoto yake pafupi ndi zionetserozo, adayika chizindikiro panambala yake m'kompyuta. Mu July 2005 ali ku London ndi mwana wake wamkazi Linda, kamera idawerenga nambala ija, apolisi nkuwaimitsa, nkuwachita chipikisheni pogwiritsa ntchito lamulo lothana ndi uchigawenga. Nkhalamba ya zaka 80!

Taonani bwino apa. Kamera sidalakwitse kuwerenga. Idagwira ntchito yake ndendende monga idapangidwira. Chimene chidasandutsa gogoyu chigawenga ndi dzanja la munthu amene adakhala pakompyuta nkuganiza kuti wotsutsa zida zankhondo ndi wofunika kumulondalonda. Amene amati wosalakwa alibe choopa amaiwala kuti si iwo amene amagamula kuti kulakwa nchiyani. Wogamula ndi mwini nkhokwe, ndipo mwini nkhokwe amasintha chisankho chikachitika. Chaona mnzako chapita, abale, mawa chili pa iwe.

Ine chimene ndikufuna nchochepa. Nambala ikawerengedwa nkupezeka kuti siyikufunidwa pamlandu uliwonse, ifufutidwe pompo. Wapolisi wofuna kufukula maulendo akale a munthu ayambe wapempha chilolezo kwa woweruza, monga amachitira akafuna kulowa m'nyumba ya mwini. Ndipo munthu amene galimoto yake yaikidwa chizindikiro akhale ndi khomo loti akagogode nkufunsa chifukwa chake.

Catt khomo lotero adalisowa. Atazindikira kuti dzina lake lilinso m'kaundula wina wa apolisi wa anthu owayesa oopsa, adakasuma kuti lichotsedwe. Bwalo lalikulu la Britain lidamukanira mu 2015. Adapitirira mpaka kubwalo la maufulu a anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, limene mu January 2019 lidagamula kuti boma lidamuphwanyira ufulu wake wokhala ndi chinsinsi. Apo nkuti ali ndi zaka 94.