Alonda Osagona pa Mitsinje Yathu

Ndifuna kunenapo za madzi. Mu February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, ndipo anthu ambiri a m'boma lathu lino la Nkhotakota anataya nyumba ndi mbewu, ena anataya moyo. Koma madzi sabwera ngati mphezi ayi. Dwangwa achokera ku Kasungu, Bua achokera ku Mchinji, ndipo madzi awo ayenda ulendo wautali asanafike kunyanja kuno. Nthawi ya ulendowo ikwanira kudzutsa mudzi ndi kuthawira kumtunda, akakhalapo wotiuza.

Ine ndiganiza kuti Boma liyenera kuika timakina toyeza madzi m'mitsinje yathu, osati kamodzi pa mlatho pokha, koma tambiri, kuyambira kumtunda. Kalikonse kali ndi batire lodzazidwa ndi dzuwa, ndipo kauza kanzake pa wayilesi kuti madzi afika pakuti, monga ng'oma ya mudzi uno idziwitsa mudzi winawo. Kamodzi kakafa, uthenga udzera mwa kena. Ndicho chifukwa chake timakina khumi totsika mtengo tipambana chimakina chimodzi chodula.

Wina adzati zimenezi n'za ku Ulaya. Kodi waiwala njovu? Mu 2016 ndi 2017 a African Parks anabweretsa njovu pafupifupi 500 m'nkhalango yathu kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo zina anaziveka malamba a wayilesi m'khosi kuti adziwe pomwe zili. Ngati njovu idziwika pomwe yafika, nanga mtsinje ulekerenji?

Chondidetsa nkhawa si makina, koma mapeto a uthenga. Ukangofika pa kompyuta ya mu ofesi, m'Chingerezi, usiku ofesi atatseka, agogo anga a ku dambo la mpunga adzamva liti? Iwo foni alibe, ndipo ingakhalepo, kuwerenga sadziwa. Uthenga ufike m'Chichewa pa foni ya mfumu, ndipo pomwepo belu la tchalitchi lilire, chimkuzamawu cha pa mzikiti chiyankhule.

Palinso akuba mabatire, ndi fumbi lophimba galasi la dzuwa. Kamakina kalikonse kakhale ndi mudzi kapena sukulu yokasunga. Ife a Fomu 3 timatchetcha udzu Loweruka lililonse; kupukuta galasi limodzi ndi kulemba muyeso m'buku sikungatikanike, Aphunzitsi Aakulu akalola.