Getsi lamphamvu si limene limasunga thanki ya nsomba



Sabata yatha mmodzi wa ana anga akale, amene pano akuphunzitsa Biology, anandilembera kuti akufuna kuika thanki ya nsomba yokhala ndi zomera mu labu, ndipo ndalama zambiri akufuna kugulira getsi lamphamvu. Ndinamuuza kuti asatero, chifukwa ine ndinapsa kale.

Thanki yanga yoyamba, ya malita 60, ndinaiika pawindo, n'kumasiyanso getsi loyaka usana ndi usiku. Ndinkati zomera zikondwa. Pasanathe mwezi madzi anabiriwira ngati dziwe la achule, masamba onse atakutidwa ndi ndere. Ana a Fomu 2 ankaponya maso pathankipo, kenako pa ine, osanena kanthu.

Chomvetsa manyazi n'chakuti yankho ndinkaliphunzitsa ndekha pabolodi. Chomera chimafuna kuwala, mpweya wa carbon dioxide ndi michere, ndipo chimakula molingana ndi chimene chachepa pa zitatuzi. M'thanki wamba, imene sitipoperamo carbon dioxide, mpweyawu ndi wochepa. Mukawonjezera kuwala kokha, chomera sichipindula kwenikweni. Imene imapindula ndi ndere.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Yambani ndi kusankha zomera, getsi libwere pambuyo. Anubias, imene kwawo ndi kumitsinje yamthunzi ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, imakhutira ndi kuwala kochepa. Chimodzimodzi Java fern ndi Cryptocoryne. Anubias ndi Java fern muzimangirire pamwala kapena pachikuni, chifukwa tsinde lake likakwiririka mumchenga limawola. Vallisneria, udzu wautali uja umene umameranso m'malo osaya a nyanja ya Malawi, nawonso suvuta. Koma musaiwale kuti mbuna zathu zimakumba mchenga ndi kubudula masamba ofewa.

Zomera zoterezi zimakwanira ndi getsi la LED loyera, lolembedwa 6500K kapena kuyandikira pamenepo, lopereka ma lumen 10 mpaka 20 pa lita imodzi. Pa malita 60 ndiye kuti ma lumen 600 mpaka 1,200 basi. Werengani ma lumen papaketi, osati mawati okha. Liyatseni maola 6 patsiku poyamba, ndipo ngati ndere sikuoneka, onjezerani pang'onopang'ono mpaka maola 8. Thanki ikhale kutali ndi dzuwa la pawindo. Ndalama yotsalayo gulirani taima yoyatsa ndi kuzimitsa yokha, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu mu labu simukhala munthu.

Ena anena kuti zomera zotere zimakula mochedwa, ndipo zofiira zokongola zija sizingachite bwino. N'zoona. Anubias imatha masabata kuti itulutse tsamba limodzi. Koma mphunzitsi amene ali ndi makope ambirimbiri oti achonge sangapeze nthawi yopala ndere tsiku lililonse. Komanso magetsi akathima, zomera zimenezi zimapirira mdima wa masiku angapo. Chodetsa nkhawa nthawi imeneyo ndi fyuluta ndi mpweya wa nsomba.

Mukafuna kuonetsa ana thovu la oxygen, ikani kanthambi m'botolo lapadera, muyandikize getsi. Thanki ija isiyeni. Kuthamanga si kufika, anzanga. Thanki yabwino pasukulu ndi imene mudzaipeze ili moyo potsegulira teremu.