Diripi nayo ikufuna umboni: mlandu wa anyani a Ebola ogonekedwa mwakayakaya

Pa mliri wa Ebola umene unasakaza Guinea, Liberia ndi Sierra Leone kuyambira 2014 mpaka 2016, anthu oposa 28,000 anadwala ndipo oposa 11,000 anamwalira. M'zaka zomwezo odwala 27 anathandizidwa m'zipatala za ku America ndi ku Ulaya, ambiri atachita kunyamulidwa pa ndege kuchokera kumene kunali mliri, ndipo mwa iwo anamwalira asanu. Kachilombo kanali komweko, ndipo mankhwala ovomerezeka a Ebola kunalibe kulikonse. Ena mwa odwala 27 aja analandira mankhwala oyeserera, koma chimene onse anachipeza ndi namwino wosachoka pambali pa bedi, madiripi owerengedwa bwino, magazi oyezedwa pafupipafupi, ndipo kwa amene anafika pothatha, makina othandiza kupuma ndi makina otsuka magazi impso zikaleka ntchito. Madokotala ambiri amakhulupirira kuti chisamaliro chimenechi ndicho chinawapulumutsa. Vuto ndi lakuti odwala aja analandira zinthu zambiri nthawi imodzi, kotero palibe anganene motsimikiza kuti chinathandiza kwenikweni ndi chiti, pa mlingo wanji, ndiponso pa tsiku liti la matenda. Apa ndi pamene ndikuona kuti akatswiri amene ayamba kusamalira anyani odwala Ebola monga momwe munthu amasamalidwira m'chipinda cha odwala mwakayakaya akuchita ntchito yoyenera, ngakhale ndi yowawitsa mtima.

Ntchitoyi inayesedwa ku National Microbiology Laboratory mumzinda wa Winnipeg ku Canada, labotale yomweyo imene inatulukira katemera wa Ebola wotchedwa Ervebo, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019. Akatswiri a boma la America ku Fort Detrick achitanso zofanana. Ku Winnipeg, anyani owerengeka a mtundu wa rhesus anabayidwa kachilombo, ndipo anagonetsedwa ndi mankhwala, kuikidwa pa makina opumira, kupatsidwa madzi a m'mitsempha ndi mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi. Ogwira ntchito anali kusinthana usana ndi usiku atavala zovala zofufuma ndi mpweya, zolumikizidwa ku mapaipi, chifukwa m'malabotale otere kulakwitsa kamodzi ndi singano kukhoza kupha munthu. Anyani a ku Winnipeg aja onse anafa. Zimenezi zinenedwe poyera, chifukwa amene amatsutsa kafukufukuyu amayambira pomwepa.

Koma tisanafike kwa otsutsawo, funso loyamba ndi lakuti diripi ndi okosijeni zikufuniranji kafukufuku. Munthu wamba amaona ngati nkhaniyi ndi yodziwikiratu: wodwala amene akusanza ndi kutsegula m'mimba mum'patse madzi ambiri, mwachangu. Madokotala nawonso ankaganiza choncho mpaka mu 2011, pamene kafukufuku wotchedwa FEAST, wochitika pa ana oposa 3,000 odwala kwambiri ndi kutentha thupi ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anaonetsa kuti ana amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanathiridwe motero. Mu 2017 kafukufuku wina wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, pa akuluakulu amene majeremusi anawafalikira m'magazi, anapeza zonga zomwezo: pa odwala 100 alionse amene anathandizidwa ndi ndondomeko ya madzi ochuluka, pafupifupi 48 anamwalira, pamene kwa amene anathandizidwa mwa nthawi zonse anali 33. Njira imene inkaoneka yanzeru, ndiponso imene inkagwiritsidwa ntchito m'maiko olemera, inapha anthu m'zipatala zopanda makina opumira okwanira, ndipo madzi akachuluka amatha kukadzaza m'mapapo. Ebola ndi nthenda inzake ya Marburg zimachititsa mitsempha ya magazi kuchucha, zimawononga chiwindi ndi impso, zimasokoneza kuundana kwa magazi, ndipo zimatsitsa mchere wa m'thupi monga potaziyamu mpaka mtima kusokonekera. M'thupi lotere mlingo wa madzi umene ungapulumutse wodwala Lolemba ukhoza kumumiza Lachinayi. Kuyendera nkhambakamwa pa nkhani yotere ndi kuseweretsa moyo wa anthu.

Wina anganene kuti mayankhowo tiwapeze pa anthu odwala, pakuti odwalawo alipo mliri ukagwa. Mbali ina zimatheka, ndipo zachitika. Pa mliri wa ku North Kivu ndi Ituri m'dziko la Congo, wa 2018 mpaka 2020, kafukufuku wa PALM anayerekeza mankhwala anayi pakati pa nkhondo ndi chipwirikiti, ndipo awiri mwa iwo, amene tsopano amatchedwa Inmazeb ndi Ebanga, anavomerezedwa ku America mu 2020. Koma kuyerekeza mankhwala n'kosavuta kusiyana ndi kuyerekeza chisamaliro. Dokotala sangamane wodwala madzi dala kuti aone chimene chichitike, ndipo m'tenti yotentha, namwino atavala zodzitetezera zimene sangakhale nazo nthawi yaitali, palibe angayeze mtima, mapapo ndi impso ola lililonse kuyambira tsiku limene kachilombo kanalowa. Odwala ambiri amafika mochedwa, tsiku limene anatenga matenda silidziwika. Pa nyani tsikulo limadziwika, mlingo wa kachilombo umadziwika, ndipo thupi lonse likhoza kutsatidwa mpaka mapeto. Komanso kafukufuku wa PALM yemweyo anasiya funso lalikulu: ngakhale ndi mankhwala abwino aja, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu anamwalirabe, makamaka amene anafika kachilombo katachuluka kale m'magazi. Kupha kachilombo sikudzutsa impso yofa. Pa Marburg ndi pa Ebola ya mtundu wa Sudan, imene inagwa ku Mubende ku Uganda mu 2022, miliri yagwa popanda mankhwala kapena katemera wovomerezeka, ndiye chisamaliro ndicho chinali chithandizo chodalirika chokhacho.

Tsopano za anyani amene anafa onse aja. Otsutsa amati ichi ndi chizindikiro chakuti nyani si munthu ndipo ntchito yonse inali yotaya nthawi. Mfundo yawo ili ndi mano. Anyani a m'labotale amabayidwa kachilombo kambiri m'mnofu, amafa pafupifupi onse patangopita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kawirikawiri satsegula m'mimba kwambiri monga amachitira anthu, pamene kutaya madzi kumeneku ndiko kumene diripi imalimbana nako. Nkhani ya ZMapp ndi chenjezo lokwanira: mu 2014 mankhwalawa anapulumutsa anyani onse 18 amene anapatsidwa, koma pa kafukufuku wa PALM uja pafupifupi theka la anthu amene anawalandira anamwalira. Komabe ine ndikuona kuti nkhani ya ZMapp ikuimira kumbali ya kafukufuku wa chisamaliro. Kwa zaka zambiri mankhwala akhala akuyesedwa pa anyani okhala m'zikwere, opatsidwa mankhwala matenda asanafike patali, osalandira diripi kapena okosijeni, pamene munthu weniweni amafika atatheratu ndipo amalandira mankhwala pamodzi ndi madzi ndi zina. Kuyesa mankhwala pa nyani wodwalitsa amene akusamalidwa ngati wodwala wa m'chipatala kumayandikitsa labotale ku bedi la munthu. Ndipo imfa za ku Winnipeg zaphunzitsa chinthu choti sichikanadziwika pongoyang'ana odwala 27 aja: pamene matenda ali aukali kwambiri, makina okha sakwanira popanda mankhwala olimbana ndi kachilombo. Unduna wa zaumoyo umene uli ndi ndalama zochepa uyenera kudziwa zimenezi usanasankhe zogula.

Chitsutso cholemera koposa ndi cha nkhanza. Nyani amamva ululu ndi mantha, sanavomere kudwala m'malo mwathu, ndipo sindikuona njira yoona yopepukitsira mfundo imeneyi. Chimene ndinganene ndi chakuti anyani akhala akufa ndi Ebola m'malabotale kwa zaka makumi angapo, ndipo popanda iwo Ervebo sakanafika pa mkono wa munthu. Lamulo la ku America la 2002 limalola kuti umboni wa pa nyama ugwiritsidwe ntchito pamene kuyesa pa anthu n'kosatheka kapena kosayenera. Nyani amene ali pa makina opumira amakhala atagonetsedwa ndi kupatsidwa mankhwala opha ululu, ndipo nyani mmodzi woyezedwa mwatsatanetsatane amapereka chidziwitso chimene chikanafuna anyani ambiri. Mfundo zimene William Russell ndi Rex Burch anakhazikitsa mu 1959, zakuti nyama zilowedwe m'malo ndi njira zina pamene n'kotheka, zichepetsedwe chiwerengero, ndipo zisazunzike mosafunikira, zikhoza kutsatidwa pa ntchito imeneyi. Koma zimatanthauzanso kuti labotale imene ikubwereza kafukufuku wochitika kale pofuna kutchuka, kapena imene ikubisa zotsatira chifukwa anyani ake anafa, ilibe chodzikhululukira.

Pali enanso amene amati zonsezi ndi za azungu, chifukwa chipatala cha kumudzi ku Congo sichidzakhala ndi makina opumira. Zimene zinachitika ku Rwanda mu 2024 zafooketsa maganizo amenewa. Marburg itagwa ku Kigali, anthu 66 anadwala, ambiri a iwo ogwira ntchito zachipatala, ndipo 15 anamwalira. Ena anaikidwa pa makina opumira n'kuchira, zimene zinali zisanachitikepo pa nthendayi mu Africa. Pa mliri wa Marburg wa ku Uíge ku Angola mu 2005, pafupifupi odwala 9 mwa 10 alionse anamwalira. Miliri iwiriyi ikusiyana pa zambiri, kuphatikizapo mtundu wa kachilombo ndi mankhwala oyeserera amene Rwanda inapeza msanga, choncho kusiyana konseko sikungaikidwe pa chisamaliro chokha. Koma zaonetsa kuti madokotala a mu Africa adzasamalira odwala otere mwakayakaya, kaya umboni ulipo kaya kulibe, ndiye n'kwabwino kuti ukhalepo. Nkhaniyi sili kutali ndi ife: Marburg yagwa kawiri m'chigawo cha Kagera ku Tanzania, mu 2023 ndi mu 2025, ndipo magalimoto a katundu amadutsa malire athu ndi dzikolo pa Songwe tsiku ndi tsiku.

Komabe otsutsawa akunena zoona pa chinthu chimodzi, ndipo kuvomereza kwanga kafukufukuyu kwatsamira pamenepo. Ngati mafunso onse ofufuzidwa pa anyani akhala okhudza makina amene amapezeka ku Atlanta ndi ku Hamburg, anyaniwo afera odwala ochepa onyamulidwa pa ndege. Mafunso a namwino wa ku Beni ku Congo kapena ku Bukoba ku Tanzania ndi ena: madzi ayambe liti ndipo aleke liti, potaziyamu aperekedwe bwanji pamene makina oyezera magazi ndi amodzi, mankhwala opha mabakiteriya ali ndi phindu lanji pamene matumbo awonongeka, ndi chizindikiro chiti chooneka ndi maso chimene chikusonyeza kuti impso zayamba kulephera, ndipo ngati makina otsuka magazi ali amodzi, wodwala uti apindule nawo. Mafunso ngati amenewa amadziwidwa ndi anthu onga Jean-Jacques Muyembe, amene wakhala akulimbana ndi Ebola kuyambira mliri woyamba wa ku Yambuku mu 1976, ndi madokotala a ku Kigali amene anaima pambali pa anzawo odwala. Opereka ndalama za kafukufuku ayenera kufuna kuti akatswiri otere akhale nawo pokonza ndondomeko nyani asanabayidwe, ndi kuti zotsatira zonse, zabwino ndi zoipa, zisindikizidwe poyera kuti zilowe m'malangizo a WHO amene anamwino amatsatira mliri ukagwa.