Uta sausema tsiku limodzi



Tsiku lina m'mwezi wa July mnyamata wina wa zaka 11 anabwera ku madrasa kuno ku Msundwe ali ndi bala pamwamba pa diso. Poyamba anati wagwa panjinga, koma anzake atayamba kuseka anaulula. Iye anadula nthambi ya malaina m'mawa, masana n'kumangapo chingwe cha thumba la feteleza, madzulo n'kutsikira kudambo kukasaka njiwa. Pokoka kachitatu uta unathyoka, chibenthu n'kumumenya kumaso. Chikanangotsika pang'ono pokha, bwenzi tikunena za mwana wa diso limodzi.

Kunena zoona, maganizo anga oyamba anali oletsa mauta basi. Koma amene munalera ana aamuna mukudziwa kuti chimene mwawaletsa pakhonde amakachitira kuseri kwa nkhokwe. Komanso ndinadzifunsa kuti ndiletsa bwanji luso limene Mtumiki (SAW) mwini ankalimbikitsa maswahaba ake kuliphunzira? Vuto linali lakuti ine ndinakulira kunyanja, ndimadziwa mbedza ndi nkhafi, uta sindinausemepo. Tsono ndinakwera njinga kupita cha ku Namitete kwa mkulu wina amene pa unyamata wake ankapita ku uzimba.

Nditafotokoza chimene ndadzera, agogowo anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, mwachedwatu. Nyama zinatha kalekale, inu ndiye mukufuna uta lero?" Komabe analowa m'nyumba n'kutulutsa wawo, wakuda bii ndi utsi ndi mafuta, wofika pachifuwa chawo basi. Anati wautali ngwabwino poyera, koma m'tchire lowirira umakola m'nthambi, ndiye mlenje wa akalulu ndi nkhanga amakonda waufupi.

Ntchito imayambira pa kusankha mtengo, ndipo apa mpamene mnyamata wanga uja analakwira. Malaina amakula msanga koma ngofewa, sapirira kupindidwa. Agogowo anatchula mpangala, kamtengo kaminga kaja kolimba zedi, ndipo anati ukasowa, nthambi yoongoka ya gwafa imagwira ntchito. Kwa ana ang'onoang'ono nsungwi yokhwima ikwanira. Mtengowo ukhale wonenepa ngati mpini wa khasu, wautali mafiti 4 kwa munthu wamkulu, wopanda mfundo, wopanda chiboo cha tizilombo, ndiponso wosapotoka. Muziyang'ana khungwa: ngati mizere yake ikuzungulira mtengo ngati chingwe, usiyeni, pakuti m'kati namonso ndi momwemo. Nthawi yodula ndi yachilimwe, mitengo ilibe madzi ambiri.

Mukafika nawo kunyumba, chotsani khungwa mosamala, pakani phula kapena kandulo kunsonga zonse ziwiri kuti usang'ambike pouma, kenaka muumangirire ku mtengo wina woongoka n'kuuika kudenga la khitchini kumene kumafika utsi. Padzuwa ayi. Ukhale kumeneko mwezi wathunthu, ukapitirira ndiye bwino. Nditanena kuti ana anga sangadikire mwezi, agogowo anangoti, "Ndiye azigenda ndi legeni."

Tsopano mvetsetsani pano, chifukwa uta wonse wagona pamenepa. Uta uli ndi msana ndi mimba. Msana ndi mbali imene imayang'ana kwa nyama, mimba ndi imene imayang'ana kwa mwini wake. Mukamakoka, msana umatamuka pamene mimba imafinyika. Ndiye mukatema msana ngakhale pang'ono, mwadula timitsempha ta mtengo timene timagwira mphamvu yonse, ndipo tsiku lina udzathyokera pomwepo. Choncho msana sausema. Mmene unalili pansi pa khungwa, ukhale momwemo. Kusema konse kumachitikira kumimba ndi m'mbali.

Pezani pakati poyeza ndi chingwe chopinda pawiri, musiyepo malo okwana dzanja, pamenepo ndiye pogwirira. Kuchokera apo yambani kusema ndi kasemasema kupita kunsonga, mtengo uzinka nuchepa pang'onopang'ono mpaka kunsonga ukhale ngati chala cha mkombaphala. Ukayamba kuvomera kupindika, ikani kasemasema pansi. Zotsalazo ndi za mpeni woimika kapena chibenthu cha botolo, kupala basi, tizipalo take topyapyala ngati tsamba la anyezi.

Ndinakhala masana onse ndikuyang'ana agogowo akuchita zimenezi. Amapala pang'ono, n'kuika pakati pa mtengo pabondo, n'kukoka nsonga zonse ziwiri, n'kuyang'ana. Pamene pakuuma amalembapo ndi khala n'kupalapo. Pamene pakupindika kwambiri sakhudzapo konse, m'malo mwake amapala malo oyandikana nawo kuti agawane katundu. Kenaka pabondo kachiwiri. Cholinga nchakuti mbali yakumwamba ndi yakumunsi zizipindika mofanana, mozungulira bwino ngati utawaleza, popanda malo othyoka ngati chigongono. Ine nditaugwira ndinafulumira, ndinakanikiza mpeni kuti ntchito itheko, ndipo pasanathe mphindi 10 ndinali nditakumba chigwa mbali imodzi. Agogowo anautenga, anaupinda kamodzi, n'kuuponya pamulu wa nkhuni osanena kanthu. Chimene mwachotsa pamtengo simungachibwezere. Ndinachita manyazi ngati mwana amene wagwidwa asanaloweze sura yake.

Mtengo ukakhala ndi kokhota pang'ono, amaupaka mafuta a nsatsi, kuuwamba pamakala mpaka utenthe koma osapserera, kuuongola pabondo n'kuugwira chomwecho mpaka uzizire. Mafuta omwewo ndi amene amapaka uta wonse ukatha, kuti chinyezi cha dzinja chisalowe.

Nsinga yake kale inali ya chikopa. Ankachicheka mopyapyala, kuchiviika m'madzi, kuchipota n'kuchipachika ndi mwala kumapeto mpaka chiume. Lero khonje lopota bwino pantchafu n'kulipaka phula likwanira. Kunsonga za uta kulungani kachingwe kolimba kuti nsinga isatsetsereke, m'malo mocheka mipata yakuya imene imafooketsa mtengo. Mukamanga, pakati pa nsinga ndi pogwirira pazilowa chibakera chimodzi.

Za mivi tidzakamba bwino ulendo wina. Pano ndingoti imafuna bango louma loongoka, nthenga za nkhanga kumbuyo, ndi msomali wosula kutsogolo.

Pali zinthu zimene mwana aliyense azidziwe asanaugwire. Uta waufupi saukokera mpaka kukhutu ngati za m'mafilimu. Mukakoka kupitirira theka la kutalika kwake mukuupempha kuti uthyoke, choncho wa mafiti 4 uzilekezera pa mafiti 2 kapena kuchepera. Musamasiye nsinga popanda muvi, chifukwa mphamvu imene ikanapita ndi muvi imabwerera mumtengo. Mukamaliza masulani nsinga, uta upume. Ndipo kulasa m'mwamba n'kumayang'ana, aja akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, sankanena mwambi chabe.

Poti tikunena za chida chosakira, ndiyenera kukumbutsa zimene timaphunzira m'fiqhi. Mlenje atchule Bismillah pamene akuponya muvi. Nyama imene yafa chifukwa muvi waiboola ndi nsonga yake n'kutulutsa magazi ndi yololedwa kudya, koma imene yafa ndi kumenyedwa chabe, monga ndi muvi wobuntha uja ana amalasira mbalame kapena mwala wa legeni, siidyedwa pokhapokha mutaipeza ikadali moyo n'kuizinga. Ngakhale yolasidwa bwino, mukaipeza ili moyo muizinge. Ndiponso nkoletsedwa kusandutsa cholengedwa chamoyo kukhala choyeserapo dzanja. Mwana wofuna kuphunzira kulasa alase thunthu la nthochi, asalase buluzi kapena nkhuku ya eni ake.

Boma nalo lili ndi malamulo ake. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene agogowo amati mitengo yabwino inkachokera, ndi yotetezedwa, ndipo kudulamo mtengo kapena kusakamo popanda chilolezo ndi mlandu. Inawonongeka ndi makala mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali, poti mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa mzinda wonse umachokera kumeneko. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 nalo analikhwimitsa mu 2017, zilango zake si zamasewera. Kuno kwathu mitengo yachilengedwe inathera ku zigafa za fodya ndi mauvuni a njerwa, moti ine ndinayenda masiku awiri m'malire a minda kuti ndipeze timitengo 6 toyenera, ndipo paliponse ndinayamba ndapempha mwini munda. Agogo aja sananame, gwape simungamuonenso kudambo la kuno. Amene angapindule ndi uta lero ndi mlimi wolondera chimanga chake, ndi mwana amene manja ake aphunzira kudekha.

Timitengo tija tinakhala kudenga la khitchini ya kumzikiti masabata 5, anyamata akubwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa ngati tauma. Titayamba kupala, iwiri inawonongeka sabata yoyamba ndi matenda anga omwe aja a kufulumira. Umodzi unapezeka ndi mfundo yobisika. Itatu inatha bwino, ndipo wabwino koposa ndi wa mnyamata wa bala uja, amene tsopano salola mnzake aliyense kuyandikira msana wa uta ndi mpeni. Loweruka lapitali ndinapita nawo kwa agogo kuti akauone. Anaukoka kawiri, anauyang'ana cham'mbali, n'kunena kuti mbali yakumunsi ikadali youma pang'ono, akapalenso.

Wassalam.