Ndani anati dziko la zinjoka liyenera kukhala lotuwa?

Loweruka madzulo timakumana anthu asanu m'chipinda cha mnzathu wina kuhositelo kusewera Dungeons & Dragons. Kwa amene simunaionepo, ndi gemu yosafuna kompyuta. Mmodzi amakhala wofotokoza nthano, enafe aliyense amatenga munthu wake wopeka n'kumanena zomwe munthuyo akuchita, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka kapena zakanika. Madayisi athu ndi a pafoni, poti a mbali 20 aja sungawapeze m'sitolo wamba.

Munthu wanga m'gemuyi ndi mtsikana woponya mkondo, mwana wa msodzi, wokulira m'bwato. Mnzathu wina yemwe ali ndi luso lojambula anadzipereka kuti atijambulire anthu athu onse. Tsiku lomwe anabweretsa wanga, ndinapeza mtsikana wovala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, matope m'maondo, chipsera patsaya, kumbuyo kwake thambo lotuwa ngati kukubwera mvula yamkuntho. Chithunzicho chinali chokongola, sindinganame. Koma ndinamufunsa kuti, "Aise, mwana wa msodziyu akagwera m'nyanja ndi zitsulo zonsezi, atuluka?" Iye anangoti, "Ndimafuna zioneke zenizeni."

Mawu akuti "zenizeni" amenewa ndi omwe ndikufuna kulimbana nawo. Maganizo anga ndi akuti matope, mdima ndi mtundu wotuwa zomwe zadzaza m'mafilimu, m'magemu ndi pa zikuto za mabuku a fantasy ndi fashoni chabe yomwe anthu ena anaisankha, ife n'kuizolowera mpaka kuyamba kuitcha choonadi. Ndipo tikaitcha choonadi, timasiya kufunsa kuti anasankha ndani, nanga anasiya chiyani panja.

Mkanganowu ndi wakale ndithu. Mu 2008 kampani ya Blizzard itaonetsa koyamba zithunzi za Diablo III, okonda gemuyi ambiri anakwiya kuti mwachuluka mitundu yowala. Pa chithunzi china panaoneka utawaleza, ndipo anthu masauzande anasaina chikalata pa intaneti chofuna kuti mdima wa Diablo II ubwerere. Gemuyo itatuluka mu 2012, opanga ake anabisamo malo otchedwa Whimsyshire, odzaza ndi utawaleza, mitambo yomwetulira ndi zidole, ngati njira yowaseka odandaula aja. Izi zisanachitike, Nintendo inakumana ndi zofanana. Mu 2001 inaonetsa Zelda yatsopano yooneka ngati katuni, anthu omwe ankayembekezera Link wamkulu ndi wooneka ngati munthu weniweni anainyoza kuti ndi ya ana. Gemu imeneyo, The Wind Waker, lero ikuoneka bwino kuposa magemu ambiri a nthawi yake omwe ankayesetsa kufanana ndi chithunzi cha kamera. Chifukwa chake n'chosavuta: makina akamapita patsogolo, chomwe chinkaoneka chenicheni dzana chimaoneka chachikale lero, pomwe chojambulidwa mwadala ngati katuni sichipikisana ndi kamera.

Tsono tiyeni tione "zenizeni" zomwe anzathu amakamba. Fantasy yambiri imatengera Ulaya wa zaka zapakati, kuyambira cha m'ma 500 mpaka cha m'ma 1500. Funso ndi lakuti, kodi nthawi imeneyo inalidi yotuwa? Aliyense amene anaonapo masamba a Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino lolembedwa pamanja cha m'ma 800 lomwe likusungidwa ku Trinity College ku Dublin, amadziwa kuti anthu aja ankakonda mitundu koopsa. Tchalitchi cha Sainte-Chapelle ku Paris, chomwe chinapatulidwa mu 1248, makoma ake pafupifupi onse ndi magalasi ofiira ndi abuluu. Akatswiri atatsuka khomo la tchalitchi chachikulu cha ku Amiens m'zaka za m'ma 1990, anapeza zotsalira za utoto pa ziboliboli zomwe aliyense ankaganiza kuti zinali mwala wosapaka chiyambire. Utoto wabuluu wodula kwambiri unkachokera ku mwala wokumbidwa ku Afghanistan, ndipo m'madera ena munali malamulo oletsa anthu wamba kuvala nsalu ndi mitundu ina yosungidwira olemera. Anthu sakhazikitsa malamulo otere pa chinthu chomwe alibe nacho chidwi. Miyala yotuwa yomwe timaona lero ndi yotuwa chifukwa utoto unasuluka ndi mvula ya zaka mazana ambiri. Wojambula akatengera bwinja n'kunena kuti ndi momwe mudzi unkaonekera anthu akadalimo, walakwitsa mbiri.

Ngakhale zinthu zomwe timaziona ngati maziko a fantasy zili ndi eni ake odziwika. Chisoti chanyanga cha ma Viking sichinachokere kunkhondo. Chinafala kwambiri chifukwa cha zovala zomwe Carl Emil Doepler anakonzera masewero a Richard Wagner ku Bayreuth mu 1876. Zovala zachitsulo zokuta thupi lonse zinakhwima m'zaka za m'ma 1400, koma timaveka Mfumu Arthur yemwe nthano yake imaikidwa zaka pafupifupi 900 izi zisanabwere. Chimphona chaminyewa chonyamula nkhwangwa, mkazi wovala zosakwana atagwira mwendo wake, ndi dzanja la Frank Frazetta, yemwe anayamba kujambula zikuto za mabuku a Conan mu 1966. Dungeons & Dragons, yomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, inatola zambiri mwa izi n'kuzimanga mtolo umodzi. Kenaka mafilimu a Peter Jackson a The Lord of the Rings, a pakati pa 2001 ndi 2003, omwe maonekedwe ake anatsogoleredwa ndi ojambula awiri, Alan Lee ndi John Howe, anakhomerera m'mitu mwathu momwe elf, orc ndi mfiti yandevu amaonekera. Chosangalatsa n'chakuti Tolkien mwini wake ankajambula, ndipo zithunzi zake za The Hobbit, buku la 1937, zili ndi mapiri obiriwira ndi chinjoka chofiira chogona pa mulu wa golide wonyezimira.

Sindikunena kuti ojambula amenewa analakwa. Lee ndi Howe ndi akatswiri, ndipo ine ndemwe mafilimu aja ndinawaonera kangapo. Vuto limabwera pamene kusankha kwa anthu ochepa kwasanduka muyeso wa aliyense. Ku Japan anaonetsa kale kuti njira zilipo zambiri. Dragon Quest ya 1986 inajambulidwa ndi Akira Toriyama, mwini Dragon Ball, ndipo zilombo zake zimamwetulira. Final Fantasy ya 1987 inapatsidwa kwa Yoshitaka Amano, yemwe anthu ake ndi owonda, ovala nsalu zouluzika ndi mikanda, ngati maloto. Magemu awiriwa anatengera zambiri ku RPG za ku America, koma palibe amene angasokoneze chithunzi cha Amano ndi cha Frazetta.

Pali chinthu china chomwe muyeso umodziwu umachita, ndipo ndi chomwe chimandikhudza kwambiri. Ursula K. Le Guin analemba A Wizard of Earthsea mu 1968. Ged, mwini nkhani, ndi wakhungu lofiirira, mnzake Vetch ndi wakuda, ndipo azungu m'bukumo ndi anthu akutali obwera ndi nkhondo. Komabe kwa zaka zambiri ofalitsa ena ankaika mzungu pachikuto, ndipo mu 2004 bukulo litasandutsidwa sewero la pa TV, Ged anaseweredwa ndi mzungu. Le Guin analemba poyera kudandaula za zimenezi. Charles R. Saunders analemba Imaro, nkhani ya wankhondo wakuda m'dziko lopeka lotengera Africa, yomwe inatuluka ngati buku mu 1981. Ofalitsa ake anaona kuti njira yoigulitsira ndi kumufanizira pachikuto ndi Tarzan, munthu yemweyo amene Saunders ankalemba pofuna kumutsutsa. M'nkhani ziwirizi wolemba anapeka dziko lina, koma wokonza chikuto analibweza kuti lifanane ndi lomwe msika unazolowera. Mnzanga wojambula uja sanandisinthire khungu la mtsikana wanga, koma anachita chofanana nacho pang'ono: ndinamuuza za mwana wa msodzi, dzanja lake linapita lokha ku msilikali wa ku Ulaya wa m'ma 1400.

Amene akutsutsana nane ali ndi mfundo zawo, ndipo zina ndi zolimba. Yoyamba ndi yakuti m'gemu maonekedwe ali ndi ntchito. Wosewera ayenera kudziwa m'kuphethira kwa diso kuti uyu ndi mdani, uyu ndi sing'anga, botolo lofiirali libwezeretsa moyo. Zizindikiro zozolowereka zimathandiza, ndipo wojambula akasintha zonse nthawi imodzi, wosewera amasochera. Ndikuvomereza. Koma mfundoyi ikufuna kuti zinthu zizioneka bwino, ndipo mdima ndiwo mdani wake woyamba. Mu 2019 gawo la Game of Thrones lotchedwa The Long Night linadandaulitsa anthu padziko lonse chifukwa nkhondo yomwe anaidikirira zaka zambiri sinkaoneka pa TV zawo. Ife oonera pa laputopu zakale ndi pafoni tinangomva phokoso la malupanga.

Yachiwiri ndi yakuti nkhani zina zimafunadi mdima. Dark Souls ya 2011 ndi nkhani ya dziko lomwe moto wake ukuzima, ndipo phulusa ndi makoma akugwa ndiyo nkhaniyo. Apanso ndikuvomereza, ndipo ichi ndi chitsanzo cha chomwe ndikufuna: mtundu wosankhidwa chifukwa nkhani yaufuna. Kampani yomweyo, FromSoftware, itapanga Elden Ring mu 2022, inaika mtengo wagolide wowala pakati pa dziko, ndipo dera loopsa la Caelid inalipatsa thambo lofiira ngati magazi. Mantha safuna mdima nthawi zonse. Aliyense amene anathamangitsidwapo ndi chilombo cha gule masana dzuwa likuswa mtengo, nkhope yake yofiira ndi nthenga zikuuluzika, akudziwa zomwe ndikunena.

Yachitatu ndi ya ndalama. Twilight Princess, Zelda yamdima yomwe Nintendo inatulutsa mu 2006, inagulitsidwa kwambiri kuposa The Wind Waker. Kupanga gemu yaikulu kumadya ndalama zambiri, ndipo kampani imaopa kuyesa zachilendo. Izi n'zoona, koma zikungofotokoza chifukwa chomwe makampani amachitira mantha. Sizikutiuza kuti ife, omwe timajambula pa pepala la m'kope ndi kusewera pa tebulo lobwereka, tiyenera kuchita nawo manthawo. Palibe bwana wa zamalonda yemwe amayang'anira zomwe timapeka Loweruka madzulo.

Nkhaniyi yafika povuta kwambiri chifukwa cha mapulogalamu a AI ojambula zithunzi. Mu 2023 anthu anazindikira kuti zithunzi zina m'buku la Dungeons & Dragons lonena za ziphona zinakonzedwa mothandizidwa ndi AI, ndipo Wizards of the Coast, eni gemuyi, analengeza kuti ojambula awo asamagwiritsenso ntchito njirayi. Mapulogalamuwa amaphunzira kuchokera ku zithunzi zambirimbiri zomwe zilipo kale, ndiye ukawapempha wankhondo wa fantasy amakupatsa chapakati cha zonsezo: zitsulo zonyezimira, chifunga, kuwala kwa lalanje kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati ojambula aumunthu nawonso azingobwereza chapakati chomwecho, sindikuona chomwe angadzayankhe tsiku lomwe wofalitsa adzawauze kuti makina akuchita zomwezo mwaulere. Chomwe makina amavutika nacho ndi chinthu chomwe sichinajambulidwepo kambirimbiri, ndipo pamenepo ndi pomwe wojambula ali ndi mwayi.

Ena ayamba kale. Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, ndipo mu 2024 Abubakar Salim ndi gulu lake anatulutsa Tales of Kenzera: Zau, yotengera nthano za anthu a Chibantu, yodzaza ndi mitundu yowala ngakhale kuti nkhani yake ndi ya mwana wolira bambo ake. Komabe ndichenjeze anzanga ojambula kuno kwathu: yankho si kutenga msilikali wa ku Ulaya uja n'kumumata chitenje, kapena kukopera zigoba za gule zomwe munaona ku Kungoni ku Mua n'kuzisandutsa zilombo zoti wosewera azipha. Gule ali ndi eni ake ndi matanthauzo ake, ndipo kumugwiritsa ntchito ngati chokongoletsera ndi kulakwa komwe kuja kwa chikuto cha Imaro. Chofunika ndi kufunsa mafunso omwe dziko lopekalo likufuna. Anthu ake amakhala kotentha kapena kozizira? Chitsulo amachipeza mosavuta? Utoto wa nsalu amautenga ku mtengo uti? Wolemera amadziwika ndi chiyani akamayenda pamsika? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amabala maonekedwe omwe munthu angawakhulupirire.

Ine ndi mnzanga uja tinakangana mpaka usiku, ndipo sindinganene kuti ndinamugonjetsa. Amakondabe mdima wake, ndipo munthu wake m'gemu, yemwe ndi wofukula manda, mdimawo umamukhala. Koma sabata yotsatira anabwera ndi pepala lina. Mtsikana wanga anali wopanda nsapato, nsalu yachikasu yosuluka ndi dzuwa atamanga m'chiuno, mkondo wa nsomba kudzanja limodzi, ukonde paphewa. Chipsera chija anachisiya, akuti chinachokera ku mbedza ya bambo ake ali mwana. Pa chimenecho sindinatsutse, ndipo ndachilemba kale pa pepala la mbiri ya munthu wanga.