Kumanga namwino sikupulumutsa khanda lotsatira

Khanda likafa ku nazale ya chipatala chifukwa cholakwitsa mankhwala, pa Facebook nyimbo imakhala imodzi: "Namwinoyo amangidwe!" Ine ndikukana, abale. Kumanga munthu mmodzi kumangotiziziritsa mtima, koma msampha umatsala pomwepo, kudikira mwana wina.

Taonani zomwe zinachitika ku America. Mu 2006, pachipatala cha Methodist ku Indianapolis, makanda atatu anamwalira atapatsidwa heparin wa anthu akuluakulu, mankhwala oletsa magazi kuundana. Chaka chotsatira ku Los Angeles, mapasa a Dennis Quaid, katswiri wa mafilimu uja, anapatsidwa heparin wa mayunitsi 10,000 m'malo mwa 10. Iwowa anapulumuka. Timabotolo tiwirito tinali tofanana, zolembedwa zake zabuluu zokhazokha. Anamwino osiyana, mizinda yosiyana, kulakwitsa kumodzimodzi. Ndiye tiziti onsewo anali osasamala eti?

Kamwana ka kilogalamu imodzi sikapirira kuphonya. Mlingo wake amautengera pasikelo, ndipo kadontho kakangosowa papepala, 0.5 wasanduka 5, kuwirikiza kakhumi. Mkaka nawonso umapha ukasochera. Uja woyenera kudutsa m'kapaipi ka m'mphuno kupita m'mimba, wina atatopa akhoza kuulumikiza kudiripi ya mumtsempha, poti masirinji ndi ofanana. N'chifukwa chake kunjako anapanga masirinji odyetsera otchedwa ENFit, omwe salowa padiripi olo mukakamize bwanji. Anakonza chipangizocho m'malo mokalipira munthu.

Kuno kwathu namwino mmodzi amachezera usiku wonse ndi makanda ambirimbiri. Ngati tikufunadi kukwiya, tikwiyire zenizeni. Anamwino awonjezeredwe. Mlingo wa mankhwala oopsa awuwerengere anthu awiri. Khanda lililonse livale kachibangiri ka dzina, kapu ya mkaka wofinya ilembedwenso dzina. Wolakwitsa azitha kuulula popanda kuopa unyolo, chifukwa cholakwa chobisidwa chimabweranso mawa.

Ndipo mayi amene wakhala pambali pa mwana wake kuyambira m'bandakucha asamaonedwe ngati wamwano akafunsa kuti, "Anesi, pepani, jakisoniyo ndi wa mwana wanga? Dzulotu sanali wochuluka chonchi." Mayiyo ndi diso lachiwiri, laulere. Inu achimwene ndi achemwali amene mudzadikirire khanda kuchipatala, funsani mwaulemu, koma funsani ndithu. Safunsa anadya phula, ndipo ku nazale amene amalidya phulalo ndi mwana amene sangathe kudzifunsira yekha.