Tileke kutentha mapesi, nthaka ikupsa



Ndiloleni ndilankhuleko ndi alimi anzanga, mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuno ku Mchinji pa khalidwe lotentha mapesi m'minda.

Chaka chilichonse tikangokolola, utsi umayamba kufuka kuchokera ku Kamwendo, Waliranji, Kapiri mpaka ku Mkanda. Anyamata amayatsa moto pofuna mbewa, ndipo akuluakulu ena amati akuyeretsa munda. Pofika Okutobala minda imakhala mbee, yopanda chofunda. Kenaka ng'amba ikabwera timati Mulungu watitaya.

Ine ndikuti mbali ina ya vutoli ndi kutentha kwa nthaka, ndipo kutenthako timakuwonjezera tokha.

Amene akukayika achite izi. Masana dzuwa lili paliwombo m'mwezi wa Okutobala, avule nsapato aponde pamzere wopanda kanthu. Sapirira. Akatero apise dzanja pansi pa mulu wa mapesi m'munda womwewo. Apeza pozizira bwino. Akatswiri amene amayeza zimenezi amapeza kuti pamwamba pa dothi louma ndi losaphimbira, kutentha kumatha kupitirira madigiri 50, pamene mpweya umene tikupuma sunafike pamenepo.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi chinyezi. Kuti madzi atenthe amafuna moto wochuluka pafupifupi kasanu kuposa dothi louma lolemera mofanana nawo, choncho nthaka yonyowa imachedwa kutentha. Komanso madzi akamauluka m'nthaka amachoka ndi kutenthako. Ndi zomwe zimachitika ndi thukuta pathupi, ndiponso ndi chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a m'ndowa. Chinyezi chikatha, mphamvu yonse ya dzuwa imathera pa kuwotcha dothi.

Chachiwiri ndi mthunzi. Mapesi, udzu ndi masamba zimatchinga dzuwa ndi mphepo. Zikatero chinyezi chimakhalitsa, ndipo chinyezi chikakhalitsa nthaka imazizira. Koma munda wosaphimbira umatentha msanga, ukatentha umauma msanga, ukauma umatenthanso koposa.

Zotsatira zake timaziona tikabzala ndi mvula yoyamba kenaka n'kudula sabata ziwiri. Mbewu imafera m'nthaka kapena imamera patalipatali. Yomwe yamera mizu yake ili pamwamba, pomwe pali ng'anjo, ndiye imafota. Nyongolotsi ndi tizilombo tina towoletsa zinyalala timathawira pansi. Mlimi amakagulanso mbewu yopakiza, pamene ndalama ya fetereza adachita kukongola.

Chondidabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi tili nayo kale. Ndani mwa alimi a fodya amafesa nazale n'kuisiya pamtunda osaiphimba ndi udzu? Nanga makolo athu ankabzaliranji maungu ndi khobwe m'munda wa chimanga? Masamba a maungu ankayala pansi ngati mphasa. Tikudziwa kufunditsa fodya, koma chimanga chimene chimatidyetsa timachisiya padzuwa.

Ndikudziwa kuti alipo amene akutsutsa, ndipo mfundo zawo si zopusa. Ena akuti mapesi amaitana chiswe. Chiswe chimabweradi, koma chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, ndipo tinjira take timathandiza madzi kulowa pansi. Ena akuti ng'ombe zidya chiyani m'chilimwe. Ili ndi funso loona. Tigawane: ena apite kukhola, ena atsale m'munda, ndipo ndowe zibwerere komwe kudachokera mapesiwo. Moto ndiwo sugawira aliyense. Ndivomerenso kuti kudambo kumene madzi amadikha, kuphimbira kwambiri kumaziziritsa nthaka mopitirira ndipo mbewu zimachita chikasu. Kumeneko mlimi aone yekha. Ine ndikunena za minda yakumtunda.

Tisaiwale msanga. Chilala cha 1992 tidachiona. Mu 2016 boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala. Mu Malichi 2024 lidalengezanso chimodzimodzi m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo anzathu a ku Zambia adali atalengeza kale mu Febuluwale chaka chomwecho. Mvula sitingailamule, koma dontho lomwe lagwa tingathe kulisunga. Amene amadutsa pa Mwami kupita ku Chipata adaonako alimi akulima m'maenje, akusiya mapesi ndi kubzala mitengo ya msangu. Mtengo umenewu umakhala ndi masamba m'chilimwe, n'kuwayoyola mvula ikayamba, motero sulimbana ndi chimanga. Dothi lawo ndi lathu n'zofanana. Chatiletsa ife n'chiyani?

Tsono pempho langa ndi ili. Mafumu athu, khazikitsani chindapusa kwa aliyense woyatsa moto m'munda mwa mnzake. Munthu mmodzi sangasunge mapesi ngati mudzi wonse ukuyenda ndi machesi. Musaope kudedwa, paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Abusa, ansembe ndi mashehe, anthu amakumverani kuposa mlangizi amene amafika mwa apo ndi apo. Tchulaniko nkhaniyi pa zolengeza m'miyezi ya Juni ndi Julaye, moto usanayambe. Ndipo munda wa mpingo ukhale woyamba kuphimbiridwa kuti anthu aone ndi maso.

Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, gawani dimba la sukulu pawiri, mbali ina muphimbire, ina muisiye. Ana azipisamo dzanja masana alionse. Mwana amene waona yekha sadzafuna kumuuza kawiri, ndipo akafika kwawo akawauza makolo ake.

Mbewa imodzi ndi ndiwo ya tsiku limodzi. Tisagulitse nkhokwe ya chaka chonse chifukwa cha iyo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mkanda, Mchinji.